Mafunso a Owerenga: Galu Womvera Pakhomo, Wosagwirika Pagulu

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno akukhudza agalu amene amamvera bwinobwino pakhomo koma amasokonekera mutu akangofika pamalo podzaza anthu. Ndasankhapo anayi, ndipo kalata yoyamba ndaiyankha mwatsatanetsatane chifukwa mfundo zake zikugwiranso ntchito pa makalata enawo.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi galu wamphongo wa miyezi 14 dzina lake Kambuku. Pakhomo amamva chilichonse: ndikati "khala" amakhala, ndikamuitana amabwera chothamanga. Koma tikangofika pamene pali anthu ambiri, magalimoto ndi njinga zamoto, amakhala ngati sakundidziwa. Amakoka chingwe mpaka kutsamwa, amauwa aliyense wodutsa, ndipo ngakhale nyama imene amaikonda kwambiri saiyang'ana n'komwe. Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikupita naye kumsika Loweruka lililonse kuti azolowere, koma zinthu zikungoipiraipira. Kodi ndi mwano, kapena ndalakwitsa pati? — Bambo wodandaula

YANKHO: Bambo, si mwano ayi, ndipo chizindikiro chofotokoza vuto lonseli chili m'kalata yanu momwemo. Mwanena kuti Kambuku akafika pamsika saiyang'ana nyama. Galu wathanzi akakana chakudya chimene amachikonda, ndiye kuti thupi lake lakonzekera kuthawa kapena kumenyana: mtima ukugunda mwaliwiro, mahomoni (timadzi timene thupi limatulutsa pa nthawi ya mantha) monga adrenaline ndi cortisol akwera m'magazi, ndipo mimba yayamba yaima kaye ntchito yake. Galu amene wafika pamenepo saphunzira kanthu, ngakhale mutabwereza mawu akuti "khala" kakhumi. Lamulo limene ndimalitsatira ndi lakuti malo amene galu sangathe kudyerapo si malo oti n'kumuphunzitsirapo.

Kumbukiraninso kuti msika umene inu mumauona si umene iye amaumva. Pa muyeso wa kuonda kwa mawu wotchedwa hertz, khutu la munthu limalekera pa ma hertz 20,000, pamene la galu limapitirira 45,000, kotero kuti kulira kwa mabuleki ndi kwa makina kumamufika mwamphamvu kuposa mmene kumatifikira ifeyo. M'mphuno mwake muli timaselo tomva fungo toposa mamiliyoni 100, ndipo mitundu ina ya agalu imafika pa mamiliyoni 300, pamene munthu ali ndi pafupifupi mamiliyoni 6 okha. Kuwonjezera apo, maso ake ali pa msinkhu wa mawondo a anthu, ndipo chimene amaona ndi miyendo, matayala ndi zikwama zikumudzera mbali zonse, iye ali womangidwa pachingwe, wopanda kothawira. Msinkhu wake nawonso ukuwonjezera vutoli, chifukwa kuyambira miyezi 6 mpaka cha m'ma 18 agalu ambiri amakhala pa unyamata, nthawi imene mtima umakhala m'mwamba ndipo kumvera kumabwerera m'mbuyo.

Maulendo anu a Loweruka munawachita ndi cholinga chabwino, koma ndi amene akukulitsa vutoli. Kumuponya galu pakati pa chinthu chimene akuchiopa kuti azolowere kawirikawiri kumangowonjezera mantha. Palinso china chimene anthu ambiri sachiona. Munthu akamadutsa, Kambuku amauwa, ndipo munthuyo amapitirira ndi ulendo wake monga mmene akanachitira ngakhale galuyo akanakhala chete. Koma m'mutu mwa Kambuku, kuuwa kuja ndi kumene kwathamangitsa mlendoyo. Tsiku limodzi la msika limamupatsa mwayi wobwereza phunziro limeneli kambirimbiri, ndipo pa Loweruka 8 walidziwa bwino kwambiri. Choyamba ndiye n'chakuti muleke kaye kupita naye kumsika, mumupatse masiku angapo oyenda kumalo abata kuti thupi lake likhazikike.

Njira imene ndikupatseni siyatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dokotala wina wa ku South Africa, Joseph Wolpe, ankafufuza za mantha ku Johannesburg pogwiritsa ntchito amphaka amene anali atachititsidwa mantha m'khola lina mpaka kumakana kudyeramo. Iye anayamba kuwadyetsera m'chipinda chosiyana kwambiri ndi chimene munali kholalo, ndipo atayamba kudya momasuka ankawasamutsira m'chipinda chofananako pang'ono, mpaka pamapeto pake anadyera m'khola lomwe lija. Njirayi anaifotokoza mokwanira mu 1958, ndipo mpaka lero imathandiza anthu ndi nyama zomwe. Imatsamira pa zimene Ivan Pavlov wa ku Russia anaona kalekale pa agalu ake, zoti kaphokoso kakamabwera nthawi zonse chakudya chisanafike, galu amayamba kuchucha dovu akangomva kaphokosoko. Ifeyo tikufuna kuti njinga yamoto ndi munthu wachilendo zikhale kwa Kambuku ngati kaphokoso ka Pavlov, zimuuze kuti chabwino chikubwera kuchokera m'dzanja lanu.

Yambirani pakhomo. Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "eya", limene muzilitchula panthawi yeniyeni imene galu wachita chinthu chokoma, kenako n'kumupatsa kachidutswa ka nyama kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Liwulo lizituluka pasanathe sekondi imodzi, chifukwa mukachedwa galu sadziwa chimene mukumuyamikira. Tchulani dzina lake kamodzi kokha, akakutembenukirani nenani "eya" n'kumupatsa. Chitani zimenezi m'nyumba, kenako pabwalo, kenako pageti, chifukwa agalu savomereza msanga kuti liwu limene analiphunzira m'khitchini ndi lomwelonso limene likugwira ntchito pamsewu. Ichi n'chifukwa chake galu womvera pakhomo amaoneka ngati waiwala zonse akatuluka, pamene zoona zake n'zakuti kunjako sanaphunzitsidweko.

Zikayenda bwino pageti, pitani kufupi ndi malo apiringupiringu, koma muime patali. Kutalika kwake sindingakuuzeni ine, akuuzani ndi Kambuku. Yendani molowera kumene kuli anthu, mukumupatsa kachidutswa pakapita masitepe angapo, ndipo muone mmene akulandirira. Pamene akutenga mofatsa ndi milomo, mchira uli pansi momasuka, mukadali pamalo abwino. Akayamba kukhwatula mpaka kukukandani zala ndi mano, mwayandikira malire. Akakana, mwapitirira, ndipo mubwerere m'mbuyo mpaka ayambirenso kudya. Mwina mupeza kuti malo ake ndi mamita 50 kuchokera pamsewu waukulu, mwina 100, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Ndikufotokozereni mmene zimaonekera zikamayenda bwino. Mwaima pamthunzi, chingwe chili lende, dzanja lanu lili pafupi ndi thumba la nyama. Patali pakudutsa njinga yamoto. Galu akudzutsa makutu, akutseka pakamwa, akuiyang'ana. Panthawi imeneyo, asanauwe, inu mukunena "eya", iye akutembenuka kudzalandira kachidutswa kake. Simukumuletsa kuyang'ana, chifukwa galu woletsedwa kuona chimene akuchiopa amangowonjezera nkhawa. Pakapita masiku angapo mudzaona chinthu chimene ine chimandisangalatsa nthawi zonse ndikachiona: njinga ikadutsa, galu amaiyang'ana kamphindi, kenako n'kutembenuka yekha kukuyang'anani kumaso inu musanalankhule. Tsiku limenelo likafika, sunthirani patsogolo mamita ochepa chabe.

Phunziro lililonse lisapitirire mphindi 5 kapena 10, ndipo muzichoka galu akadali wodekha. Pali zinthu zitatu zimene zimalimbitsa phunziro, zomwe ndi kuyandikira, kukhalitsa pamalopo, ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo musamasinthe ziwiri nthawi imodzi. Tsiku limene mwayandikira, fupikitsani nthawi. Tsiku limene mwasankha ola la anthu ambiri, bwererani patali. Phunzirani kuwerenga thupi lake, chifukwa galu amalankhula kwa nthawi yaitali asanauwe: amanyambita mphuno pamene palibe chakudya, amayasamula asali ndi tulo, amapuma wefuwefu kunja kusakutentha, amagoneka makutu kumbuyo, amaonetsa choyera cha diso, amapanira mchira pakati pa miyendo. Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, nenani "tiye" ndi mawu ansangala, tembenukani, muchokepo. Kutembenukako kuphunzitseniretu pakhomo ngati masewera, kuti tsiku limene galu wina watulukira mwadzidzidzi pakona musadzachite kumukoka.

Pa zipangizo, chingwe cha mamita 2 ndi lamba womanga pachifuwa zimathandiza kuposa lamba wa m'khosi kwa galu amene amakoka mpaka kutsamwa. Muzimulolanso kununkhiza, chifukwa kununkhiza kumamukhazika mtima pansi ndiponso ndi mphotho payokha. Akayenda nanu bwino masitepe angapo, muuzeni kuti "pita" akanunkhize tsinde la mtengo limene wakhala akuliyang'ana. Nyama imene mwagwiritsa ntchito pophunzitsa muziichotsera pa chakudya chake chamadzulo, ndipo madokotala a ziweto amalangiza kuti zakudya zapadera zotere zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku. Ngati Kambuku analumapo munthu, kapena ngati khalidweli linayamba mwadzidzidzi, kaonaneni kaye ndi dokotala wa ziweto, popeza ululu wa m'khutu, wa m'chiuno kapena wa dzino umasandutsa galu wofatsa kukhala waukali.

FUNSO: Alangizi, kagalu kathu kali ndi milungu 9 ndipo kalandira katemera kamodzi kokha. Ena akuti tisakatulutse mpaka katamaliza katemera yense, ena akuti tikachedwa kadzakhala kamantha. Timvere ziti? — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, mbali zonse ziwiri zili ndi zoona zake, ndipo n'zotheka kuzisamala zonse. Ofufuza awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, anatha zaka zambiri akuphunzira kakulidwe ka agalu ku Jackson Laboratory, ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine ku America, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1965. Anaonetsa kuti kuyambira milungu 3 mpaka cha m'ma 12 kagalu kamalandira zinthu zachilendo mosavuta, ndipo nthawi imeneyi ikadutsa kamayamba kuzikayikira. Kafukufuku wina wa mu 1961 anapeza kuti tiagalu timene tinafika milungu 14 tisanazolowerane ndi munthu tinakhalabe tamantha ngakhale anthu anayesetsa kutiweta pambuyo pake. Kagalu kanu katsala ndi milungu yochepa ya nthawi yamtengo wapatali imeneyi.

Komabe matenda a parvo ndi oopsa kwa tiagalu, kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, ndipo katemera wa tiagalu samalizika mpaka pa milungu 16 kapena kupitirirapo. Wa chiwewe nayenso amayamba kuperekedwa pa milungu 12. Choncho katulutseni, koma kasaponde pansi pamene pamadutsa agalu osadziwika. Kanyamuleni m'manja, mukhale nako pambali pa msewu kwa mphindi zochepa, kaone magalimoto, ana othamanga, munthu wovala chipewa, wina wa ndodo, wina wa ambulera, inu mukukapatsa tizidutswa ta chakudya. Itanani alendo pakhomo, ndipo kakumanitseni ndi agalu akuluakulu ofatsa amene mukudziwa kuti analandira katemera. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chokha, chifukwa ana amakonda kuchichita: musalole kuti kazipatsiranidwa m'manja mwa anthu ambiri kakunjenjemera. Chimene chikufunika n'chakuti kaone zachilendo kali komasuka. Ngati kakubisa mutu m'khwapa mwanu, bwererani patali monga mmene ndawafotokozera bambo a kalata yoyamba.

FUNSO: Alangizi, mchimwene wanga akuti nkhani yopatsa galu nyama ndi yomulekerera, ndipo galu amafunika unyolo wothina m'khosi ndi kamkwapulo kuti adziwe mwini wake. Kunena zoona, galu wake amayenda mwakachetechete pagulu. Kodi sakunena zoona? — Wowerenga wanu

YANKHO: Achimwene, sindikutsutsa kuti galu womenyedwa amatha kukhala chete, koma chete ali mitundu iwiri. Tsiku lina mudzamuyang'anitsitse galu wa mbale wanuyo akuyenda pagulu, muone ngati pakamwa pali potseguka momasuka, ngati akununkhiza, ngati mchira ukuyenda, kapena ngati wangoumitsa thupi, mutu uli pansi, akuyang'ana dzanja la mbuye wake. Galu wachiwiriyu mantha ake sanathe, wangophunzira kuwabisa. Choopsa kwambiri n'chakuti mukalanga galu chifukwa cha kulira kwa pakhosi kuja kumene amachenjeza nako asanalume, amasiya kuchenjezako, ndipo tsiku lina amadzaluma mwana popanda chizindikiro chilichonse. Komanso ngati khosi limamupweteka nthawi iliyonse imene waona mlendo, zimene Pavlov anaona zija zimagwira ntchito mobwerera, ndipo mlendo amasanduka chizindikiro cha ululu.

Mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Porto ku Portugal anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa agalu 92 ochokera m'masukulu osiyanasiyana ophunzitsa agalu. Agalu a m'masukulu ogwiritsa ntchito chilango anaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa pophunzira, ndipo cortisol m'malovu awo anakwera kwambiri kuposa wa agalu ophunzitsidwa ndi mphotho. Mu 2021 bungwe la madokotala oona za khalidwe la nyama la American Veterinary Society of Animal Behavior linalengeza kuti njira ya mphotho ndi imene iyenera kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa agalu onse. Ku Wales malamba a m'khosi ogwidiza magetsi analetsedwa ndi lamulo mu 2010. Ganizo lakuti mwini galu ayenera kumugonjetsa linachokera pa zimene anthu anaona pa mimbulu yotsekeredwa pamodzi m'makola, koma katswiri wa mimbulu David Mech analemba mu 1999 kuti kutchire gulu la mimbulu limakhala banja chabe, makolo ndi ana awo.

Pa nkhani yolekerera, kusiyana kuli pa nthawi imene chakudya chikutulukira. Mukamuonetsa galu nyama kuti akhale, mukumunyengerera, ndipo tsiku limene mulibe nyama sadzakhala. Mukaibisa m'thumba n'kuitulutsa atakhala kale, mukumulipira ntchito imene wagwira, ndipo khalidwelo likakhazikika mumayamba kulipira mwa apo ndi apo, nthawi zina ndi mawu, nthawi zina ndi masewera.

FUNSO: Alangizi, ndimasirira agalu otsogolera anthu osaona, amene amagona phee pafupi ndi mapazi a mbuye wawo ngakhale pamalo aphokoso. Galu wanga wamkazi wa zaka 3 sachita ukali, koma sakhazikika ndikakhala pansi pamalo odikirira, ndipo anthu odutsa amamusisita osapempha, iye n'kuyamba kuwadumphira. Ndingamuphunzitse bwanji? — Mayi wokonda kuyenda ndi galu

YANKHO: Mayi, agalu amene mukuwasirirawo sanabadwe choncho. Sukulu yoyamba ya agalu otsogolera osaona inatsegulidwa ku Oldenburg m'dziko la Germany mu 1916 pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pankhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo ya ku America yotchedwa The Seeing Eye inayamba mu 1929. M'masukulu otere tiagalu timasankhidwa kuchokera kwa makolo odekha, timaleredwa m'mabanja odzipereka kwa pafupifupi chaka chathunthu tikuzolowera misewu, mabasi ndi masitolo, kenako n'kukaphunzira kwa akatswiri kwa miyezi ingapo, ndipo ngakhale zili choncho ena amalephera n'kupatsidwa ntchito zina kapena kukhala agalu apakhomo. Ndanena izi kuti musadziweruze mopitirira muyeso, komanso kuti tivomereze kuti alipo agalu amene khamu lalikulu la anthu silidzawakomera, ndipo kuwasiya kunyumba tsiku la chikondwerero n'kuwachitira chifundo.

Wanuyo, monga mwamufotokozera, angathe kuphunzira kugona modekha. Pezani kabulangete kakang'ono kopindika kamene kazikhala kake yekha. Kayaleni m'nyumba, ndipo akangokapondapo nenani "eya" n'kuika kachidutswa ka chakudya pakabulangetepo, pakati pa miyendo yake yakutsogolo, osamupatsira m'manja, chifukwa mukufuna kuti maso ndi mutu wake zizilowera pansi. Dikirani mpaka agone. Poyamba muziikapo kachidutswa pakangopita masekondi 3, kenako 5, kenako 10, ndipo muzisakaniza nthawi zazitali ndi zazifupi kuti asamangoyembekezera kuti zinthu zizilimbiralimbira. Yang'anirani makamaka nthawi imene wapendekera chiuno mbali imodzi, watsamiritsa chibwano pansi, n'kupumira m'mwamba kamodzi. Pamenepo mulipireni mwakachetechete, osakweza mawu, kuti musamudzutse. Akazolowera, yesani kuimirira, kuomba m'manja, kutsegula chitseko iye ali chigonere, ndipo pomaliza muzimumasula ndi liwu limodzi lomwelo nthawi zonse n'kupinda kabulangeteko. Mukatero katengereni pabwalo, kenako pabenchi la malo opanda anthu ambiri, ndipo malo odikirira amene mwawatchulawo adzakhale omalizira.

Mukafika kumeneko, sankhani pakona kapena pafupi ndi khoma kuti anthu asamamudzere kumbuyo, ndipo mchira ndi mapazi ake zisakhale m'njira. Ngati pansi ndi pakonkire kapena paphula ndipo kuli dzuwa, gunditsanipo kuseri kwa dzanja lanu kwa masekondi angapo, ndipo pakakutenthani inu ndiye kuti iyenso pamutentha. Mutengerenso madzi, chifukwa galu amaziziritsa thupi makamaka popuma wefuwefu, ndipo galu amene watenthedwa sangakhazikike ngakhale ataphunzira bwino motani.

Za anthu osisita osapempha, ntchito imeneyo ndi yanu, si ya galu. Munthu aliyense amene wamusisita iye atamudumphira wamulipira chifukwa chodumpha, ndipo ulendo umodzi wotere umafufuta zimene mwaphunzitsa masiku angapo. Mukaona munthu akubwera atatambasula dzanja, imani pakati pa iye ndi galuyo, munene mwaulemu kuti, "Pepani, ali pa maphunziro, musamugwire lero." Ngati mwafuna kuti apereke moni, mupempheni munthuyo aime chammbali, asamuweramire, ndipo adikire kuti galuyo abwere yekha miyendo yonse inayi ili pansi. Amusisite pachifuwa kapena paphewa kwa masekondi 3 n'kuchotsa dzanja. Galu akasunthira pafupi ndiye kuti akufuna zina, koma akatembenuza mutu kapena kubwerera kwa inu, moniyo wathera pomwepo, ndipo mumuitanire pakabulangete kake n'kumuikira kachidutswa pakati pa miyendo monga mwa nthawi zonse.